Mbali ya Bokosi

Mayunitsi atithera Lachinayi usiku,
mita ikulira ngati nkhululu pansi pa masitepe.
Kunja mvula ya ku Stockton, yosagunda, yosakata,
ikungonyowetsa njerwa zofiira za msewu wathu.
Ndafufuza m'dilowa, pakati pa malisiti ndi mabatani,
ndapeza bokosi la machesi limene Mayi Ackroyd
anandisungitsa tsiku lomwe dokotala anawaletsa fodya.

Ndisanakweche, Tionenji wandigwira mkono.
Mawa ali ndi mayeso a sayansi.
"Amayi, taimani, ndikuuzeni chimene mwanyamula."

Ndiye tili mu mdima, jekete pamwamba pa juzi,
mwana akundiphunzitsa moto.

Akuti kamutu aka kalibe moto.
Kali ndi salufa, chakudya cha moto,
ndi mchere wina wa dzina lalitali, potaziyamu kiloreti,
umene wasunga mpweya m'thumba
monga timasungira ndalama ya basi yobwerera.
Zonsezi azimata ndi guluu, nkuziumitsa, nkuziuza kuti zikhale chete.

Chotsalacho anachiika kutali, pambali ya bokosi:
fosifolasi wofiira, wosakaniza ndi galasi lopera.
Iyenso payekha ndi munthu wofatsa.
Mungamusiye m'dilowa zaka khumi, sangayambe mlandu.

"Anazilekanitsa dala," akutero, "kuti zisayake m'thumba."

Ndameza malovu.
Bambo ake ali ku Chilomoni, chaka chachitatu tsopano,
akudikira kalata ya ofesi ina ya ku London
imene imati malipiro anga sakwanira anthu atatu.
Ine kuno ndimasambitsa okalamba, ndimawamanga zingwe za nsapato,
ndimayankha "zili bwino" pa foni mpaka batire kutha.
Palibe chimene chapsa. Nyumba ili yabwinobwino.
Koma kuzizira kwake!

"Kwechani tsopano, pang'onopang'ono."

Khwee.

Galasi lapala kamutu, kukhulana kwabala kutentha,
kadontho ka fosifolasi wofiira kasanduka woyera,
uja wamtima wapachala, wosapirira mpweya,
ndipo wayaka.
Mchere uja wamasula thumba lake,
salufa wadya, fungo lake landilowa m'mphuno,
phula la pakamtengo lalandira lawi
monga mzamba alandira khanda,
nkulipereka kwa nkhuni.
Zonsezi diso lisanaphethire kawiri.

Nkhope ya mwana wanga yatulukira mu mdima,
chibwano cha bambo ake, mpata wa mano wa bambo ake.
Ndayang'ana nthawi yaitali
mpaka moto wandiluma chala.
Kandulo sindinayatse.

Waseka. Watenga kamtengo kakudako, wakagwira kumapeto.
"Onani, kazimiratu. Kalibe khala.
Mtengo wake amauviika m'mankhwala
kuti ukazima usanyeke mobisa,
usagwere pakapeti nkuotcha anthu ali mtulo."

Ndikanakonda wina akanandiviika momwemo.
Ine ndimazima pamaso pa bwana, pamaso pa foni,
koma usiku khala limayenda m'chifuwa
kufunafuna nsalu.

M'bokosi mwatsala timitengo tisanu ndi kamodzi.
Kachiwiri kathyoka, kanamwa chinyezi cha dziko lino.
Kachitatu wakwecha yekha, dzanja losanjenjemera,
wateteza lawi ndi chikhatho mpaka pachingwe cha kandulo.

Watsegula buku. Ine ndawerenga makobidi patebulo:
akwana mayunitsi a masiku awiri,
sitolo ya Bambo Qureshi ikatsegulidwa mmawa.

Foni yanjenjemera. Ku Chilomoni nakonso magetsi azima.
Akufunsa ngati tadya, ngati mwana wawerenga.
Ndajambula kandulo, ndamutumizira.
Wayankha ndi chithunzi cha yake,
yoimikidwa pa sosala imene tinalandira paukwati,
pambali pake bokosi la machesi, lotsegula theka.

Tionenji akunong'ona mayina a mankhwala, maso ali chitsinzinire.
Ine ndikusisita mbali ya bokosi ndi chala chopsa chija.
Nkhakala, kozizira,
pali timizere titatu tokha.
Malo akadalipo ambiri.